Mkaka wa m'chitini: Ndani akulondera khanda la ku Kasungu?

Mu Januwale 2026, kampani ya Nestlé idalengeza kuti ikuchotsa pamsika wina mwa mkaka wake wa makanda m'mayiko ambiri, makamaka a ku Ulaya, poopa kuti muli poizoni wotchedwa cereulide. Poizoniyu amapangidwa ndi tizilombo totchedwa Bacillus cereus ndipo amasanzitsa mwana. Kampaniyo idati vutoli lidachokera m'mafuta ena omwe imagula kwa kampani ina n'kuthira mumkakawo. Pasanapite masabata ambiri, makampani ena akuluakulu, Danone ndi Lactalis, nawo adaitanitsa zina mwa zitini zawo.

Nkhani zotere zikamveka, ambiri kuno kwathu timaziona ngati za kutali, za azungu ndi mafakitale awo. Koma mkaka wa makanda womwe uli m'masitolo athu umachokera kunja, wambiri kudzera ku South Africa, ndipo umapangidwa ndi makampani omwewa kapena anzawo, m'njira yomweyi. Chitini chimatsika m'galimoto ku Lilongwe, china n'kupitirira pamsewu wa M1 mpaka m'magolosale a pa Kasungu boma, pa Chinkhoma, pa Santhe kapena pa Nkhamenya. Chitini choipa chitafika kumeneko, ndani angadziwe? Ndipo angadziwe patapita nthawi yaitali bwanji?

Ufa wouma ukhoza kukhala ndi tizilombo

Makolo ambiri amakhulupirira kuti chitini chomata bwino, chokhala ndi chidindo ndi tsiku lothera mphamvu, mulibe kanthu kena koma chakudya. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO ndi bungwe loona za chakudya ndi ulimi la FAO akhala akunena poyera kuyambira 2004 kuti mkaka waufa wa makanda sungatsimikizike kuti ulibiretu tizilombo, ngakhale utapangidwa motsatira malamulo onse aukhondo.

Chifukwa chake chili m'kapangidwe. M'fakitale, mkaka wamadzi amautenthetsa kuti tizilombo tife. Kenako amaupopera m'nsanja yaitali momwe mukudutsa mpweya wotentha, madzi n'kuuluka, ufa n'kugwa pansi. Kuchokera pamenepo ufawo umadutsa m'mapaipi ndi m'masefa, nthawi zina amauphatikiza ndi zinthu zina zouma, n'kuulongedza. Pa magawo omalizawa palibenso moto wopha tizilombo. Denga likadontha, kapena madzi otsukira akatsalira m'ming'alu ya pansi, tizilombo timaswana pamenepo ndipo fumbi, nsapato za antchito kapena zipangizo zimatifikitsa ku ufa.

Tizilombo tiwiri ndi tomwe akatswiri amatiopa kwambiri. Koyamba ndi Salmonella, komwe kamatsekula m'mimba ndipo kwa khanda kamatha kulowa m'magazi. Kachiwiri ndi Cronobacter sakazakii, komwe kamatha kukhala moyo mu ufa wouma mpaka zaka ziwiri. Kamadwalitsa ana ochepa, koma kakagwira khanda la miyezi iwiri yoyambirira, makamaka lobadwa masiku asanakwane kapena lochepa thupi, kamayambitsa matenda oumitsa khosi. Mwa makanda 10 omwe afika pamenepo, anayi akhoza kumwalira, ndipo ena opulumuka amatsala ndi ulumali wa muubongo.

Chovuta china n'chakuti tizilomboti sitimwazikana mofanana mu ufa wonse. Tikhoza kukhala tochepa zedi, m'zitini zowerengeka mwa zikwizikwi. Woyeza akatapa pang'ono n'kupeza kuti mulibe kanthu, sizitanthauza kuti mtanda wonsewo ndi wabwino. Tochepato timadikira madzi ofunda. Mkaka ukasungunulidwa n'kusiyidwa pamalo otentha, tizilombo timachulukana mofulumira m'maola ochepa.

Zomwe zidachitika ku Craon ndi ku Sturgis

Mu Disembala 2017, akuluakulu a zaumoyo ku France adaona kuti makanda angapo akudwala Salmonella ya mtundu umodzi, wotchedwa Agona. Atafufuza adapeza kuti anawo amamwa mkaka wa m'fakitale ya Lactalis ya m'tauni ya Craon. Makanda oposa 30 adadwala m'dzikomo. Mu Januwale 2018 mkulu wa kampaniyo, Emmanuel Besnier, adavomera kuti zitini 12 miliyoni m'mayiko 83 ziyenera kuchotsedwa pamsika.

Zomwe zidatuluka pambuyo pake n'zomwe zili ndi phunziro. Fakitale yomweyo idadwalitsapo makanda oposa 140 mu 2005, isanagulidwe ndi Lactalis, ndipo akatswiri a ku Institut Pasteur adapeza kuti kachilombo ka 2017 kadali ka mtundu womwewo wa 2005. Kadabisala m'nyumbamo zaka 12. Zidadziwikanso kuti kampaniyo idapezapo Salmonella pamalo ena m'fakitalemo miyezi ingapo mliri usanadziwike. Ndipo lamulo lochotsa mkakawo litaperekedwa, masitolo akuluakulu monga Leclerc, Carrefour ndi Auchan adavomera kuti adagulitsabe zitini zina zomwe zimayenera kukhala zitachotsedwa.

Ku America zidachitika mu Febuluwale 2022. Kampani ya Abbott idaitanitsa mkaka wa Similac, Alimentum ndi EleCare wopangidwa m'fakitale yake ya ku Sturgis, m'chigawo cha Michigan, makanda anayi atadwala Cronobacter, awiri n'kumwalira. Oyendera a bungwe la boma la FDA adapeza kachilomboka m'malo ena m'fakitalemo. Kampaniyo idati palibe umboni wogwirika woti mkaka wake ndiwo udadwalitsa anawo, popeza tizilombo topezeka mwa ana omwe adayezedwa sitidafanane ndi ta m'fakitale. Komabe fakitale idatsekedwa kwa miyezi ingapo, mkaka udasowa m'dziko lonselo, mpaka boma lidatumiza ndege zankhondo kukatenga mkaka ku Ulaya. Zidamvekanso kuti munthu wina yemwe adagwirapo ntchito pafakitalepo adalembera FDA kalata yochenjeza mu Okutobala 2021, koma kalatayo idatenga miyezi isanafike kwa akuluakulu.

Mayiko awiriwa ali ndi oyendera mafakitale, malabotale amakono ndi makina owerenga katundu aliyense pa tilu. Ngakhale zili choncho, woyamba kuulula vuto adali mwana wodwala. Dokotala adatenga magazi kapena chimbudzi cha mwanayo, labotale idatchula dzina la kachilombo, ndipo wina adaona kuti dzina lomwelo likubwerezabwereza m'zipatala zotalikirana. Popanda unyolo umenewu, fakitale ya ku Craon bwenzi ikugayabe ufa wake mwakachetechete.

Chitini chikafika kwawo kwa fodya

Ena anganene kuti Amalawi timayamwitsa, choncho nkhaniyi ikukhudza anthu ochepa. N'zoona kuti pafupifupi mayi aliyense m'dziko muno amayamwitsa. Koma kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu adaonetsa kuti makanda osakwana miyezi 6 omwe amayamwa mwakathithi adatsika kuchoka pa 71 mwa 100 alionse mu 2010 kufika pa 61 mu 2015 ndi 2016. Otsalawo amalandira china chake powonjezera: madzi, phala, tiyi kapena mkaka wogula.

Pali makanda omwe alibe kuchitira mwina. Kafukufuku yemweyo wa 2015 ndi 2016 adapeza kuti amayi 439 mwa 100,000 alionse obereka ana amoyo amamwalira pa zifukwa za uchembere. Khanda lotsala limapita m'manja mwa agogo kapena azakhali. Pali mapasa ndi ana atatu obadwa pamodzi, pali amayi odwala kwambiri, palinso amayi apantchito. Lamulo la ntchito la 2000 limapatsa mayi masabata 8 a tchuthi cha uchembere, pomwe unduna wa zaumoyo umalangiza kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6. Mpata wa pakati pa masabata 8 ndi miyezi 6 ndi womwe chitini chimalowerapo, m'tauni ngakhalenso m'maboma.

Kasungu, boma la anthu oposa 800,000 malinga ndi kalembera wa 2018, lili ndi mavuto akeake. Ntchito ya fodya siidziwa kuti m'nyumba muli khanda. Kuyambira kunazale, kuwokera, kupalira, kuthyola, kusoka, kupachika m'zigafa mpaka kusankha ndi kudinda mabelo, manja a mayi amafunika kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kulowa. M'maesiteti ambiri antchito ndi obwera kuchokera kumaboma ena, ndipo ali kutali ndi abale omwe akadawathandiza kulera. Ngakhale Nyumba ya Malamulo idathetsa utenanti mu 2021, umphawi wa mabanja olima fodya wa eni ake sudathe ndi lamulolo. Ndalama imaoneka msika ukatsegulidwa cha mu Epulo. Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pomwe ntchito yachuluka, chakudya chachepa ndipo mvula ikukokolera zonyansa m'zitsime, ndi yomwe thumba limakhala louma.

WHO imawerengera kuti khanda losayamwa limafuna makilogalamu 20 a mkaka waufa m'miyezi 6 yoyambirira. Kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo katundu aliyense wochokera kunja adakwera nayo. Banja losauka likagula chitini, limayesetsa kuti chikhalitse. Limachepetsa masipuni, limasunga mkaka womwe mwana wasiya kuti adzamalize masana, kapena limasiya mkaka wa makanda n'kugula mkaka waufa wa mu tiyi wopimidwa m'timapepala. Ena amafika pogula ufa woyeretsa tiyi, womwe si mkaka n'komwe. Ufa wopimidwa wadutsa m'manja ndi m'masipuni osadziwika, ulibe dzina la fakitale, ulibe nambala. Utakhala ndi vuto palibe angaulondole.

Ndiye pali madzi ndi moto. Khanda limadya kasanu ndi katatu pa tsiku, usiku womwe. Kutsatira malangizo kumafuna kuwiritsa madzi nthawi iliyonse, pa nkhuni kapena pa mbaula, m'boma lomwe mitengo yambiri idathera m'zigafa. Mabanja ambiri akumidzi alibe magetsi, choncho za furiji n'zosayamba. Kachilombo kamodzi kochokera kufakitale kakapeza botolo lofunda lomwe lagona pamphasa kuyambira m'mawa, kapeza munda wachonde. Ndipo ngakhale ufa utabwera wabwino, madzi a pachitsime chosatetezedwa kapena nsonga ya botolo yosatsuka bwino zimabweretsa tizilombo tawo.

Dziko la Botswana lidaona zimenezi kumayambiriro kwa 2006. Boma kumeneko linkapereka mkaka wa m'chitini ulere kwa amayi omwe ali ndi HIV. Kutagwa mvula yambiri, madzi adaipa, ndipo ana oposa 400 osakwana zaka zisanu adamwalira ndi matenda otsekula m'mimba m'miyezi yochepa. Akatswiri a bungwe la CDC la ku America atafufuza adapeza kuti ana osayamwa ndiwo adali pachiopsezo chachikulu koposa. Malawi adasankha njira ina mu 2011, poyamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa yemwe ali ndi HIV, kuti ayamwitse mosaopa. Ndondomekoyi, yomwe mayiko ambiri adatengera kwa ife, idapulumutsa makanda ku HIV komanso ku botolo. Mliri wa kolera womwe udayamba mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 udatikumbutsa kuti madzi athu sitingawadalire mwachisawawa.

Mwana akadwala timalemba chiyani?

Tiyerekeze kuti khanda la masabata atatu ku Chamama, lomwe mayi ake adamwalira pobereka, layamba kutentha thupi, likukana kudya ndipo liwombo latukuka. Kumudzi ena anena kuti ndi tsempho, ena aloza liwombo, ndipo tsiku limodzi kapena awiri atha akufunafuna mankhwala achikuda. Likafika kuchipatala chaching'ono, aliyeza malungo. Likatumizidwa kuchipatala chachikulu, madokotala aona kuti tizilombo talowa m'magazi ndipo alipatsa mankhwala omwe alipo. Likachira, banja lithokoza. Likamwalira, m'kaundula mulembedwa kuti matenda a m'magazi kapena oumitsa khosi. Chitini chija chidzatsala pakhomo, ndipo mwina chidzapatsidwa kwa khanda lina.

M'nkhani yonseyi palibe yemwe walakwa mwadala. Kuti kachilombo kadziwike dzina, pamafunika kutenga magazi kapena madzi a pamsana, kuwasunga m'makina kwa masiku kuti tizilombo timere, n'kutiyeza. Ntchito imeneyi yakhala ikuchitika mosalekeza pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, mothandizana ndi bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome. Kumeneko ndi komwe tidadziwira kuti Salmonella yolowa m'magazi ndi imodzi mwa zomwe zimapha ana m'dziko muno, komanso kuti tizilombo tambiri tasiya kumva mankhwala omwe tidazolowera. Koma m'zipatala zambiri za m'maboma kuyeza kotere sikuchitika tsiku ndi tsiku.

Choncho tikamanena kuti m'Malawi simudamvekepo mliri wa mkaka wa makanda, tisadzitonthoze msanga. Kusamveka kukhoza kutanthauza kuti vuto kulibe, kukhozanso kutanthauza kuti tilibe khutu lomvera. Ngakhale ku America, Cronobacter idayamba kukhala pa mndandanda wa matenda omwe dziko lonse liyenera kuwerenga mu 2024, pambuyo pa zomwe zidachitika ku Sturgis.

Alonda alipo, koma mpanda uli ndi mipata

Dziko lino lili ndi mabungwe oteteza ogula. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1972, limaika miyezo ndi kuyendera katundu wolowa m'dziko. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission lili ndi mphamvu zolamula kuti katundu woopsa achotsedwe m'masitolo. Makhonsolo ali ndi oyendera zaukhondo. Palinso malamulo a 2004 oyendetsera malonda a zakudya za makanda ndi ana aang'ono, omwe adatsatira mfundo zomwe mayiko adagwirizana ku WHO mu 1981 zoletsa kutsatsa mkaka wa m'chitini monyengerera amayi kusiya bere.

Vuto n'lakuti udindo woona za chakudya udagawika m'maunduna ndi m'mabungwe angapo, aliyense ndi lamulo lake. Wa zaumoyo amaona odwala, wa zamalonda amaona masitolo, wa zaulimi amaona ziweto ndi mbewu. Mliri wochokera m'chakudya umafuna kuti zidutswa zonsezi zikumane pa tebulo limodzi mofulumira. Mutu umodzi susenza denga, koma denga lomwe aliyense akuyesa kuti mnzake ndiye wagwira limagwa.

Mu Malichi 2018 tidayesedwapo. Nduna ya zaumoyo ya ku South Africa pa nthawiyo, Aaron Motsoaledi, idalengeza kuti mliri wa kachilombo ka Listeria wachokera m'poloni ya m'fakitale ya Enterprise ku Polokwane, ya kampani ya Tiger Brands. Anthu oposa 1,000 adadwala ndipo oposa 200 adamwalira, ambiri mwa iwo makanda omwe adatengera kachilomboka kwa amayi awo. Malawi, pamodzi ndi mayiko ena a m'chigawo chino, adaletsa nyama zotere zochokera kumeneko. Tidachita bwino kufulumira. Koma tidadziwa chifukwa labotale ya eni ake idapeza ndipo nduna yawo idanena. Poloniyo imagulitsidwa m'masitolo akuluakulu a m'mizinda, omwe ndi owerengeka. Mkaka waufa umafika mpaka m'maokala, wina utalowa kudzera njira zachidule za m'malire, ndipo Kasungu ili m'malire ndi Zambia.

Chidziwitso chochotsa katundu pamsika nthawi zambiri chimatuluka m'Chingerezi, m'nyuzipepala kapena pa Facebook, chili ndi manambala ataliatali a pansi pa chitini. Agogo a ku Chulu kapena ku Kaluluma omwe akulera mwana wamasiye sangachione. Malangizo a pachitini nawo ali m'Chingerezi, nthawi zina ndi Chipwitikizi kapena Chifalansa, m'timalemba ting'onoting'ono. Ndipo zitini zina zimangoti madzi owiritsa aziziritsidwe, osatchula kuti ufa ukhoza kukhala ndi tizilombo.

Phunziro la chiponde

Malawi ali ndi chitsanzo chake choonetsa kuti chakudya cha ana chokhala ndi mkaka waufa chikhoza kulonderedwa bwino. Chiponde, chomwe ana onyentchera amalandira m'zipatala, chimapangidwa ndi mtedza, mkaka waufa, shuga, mafuta ndi mavitamini. Chidayesedwa kwambiri m'dziko muno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ndi Dr Mark Manary ndi anzake, ndipo pambuyo pake chidayamba kupangidwa konkuno. Mu 2012, mabungwe ogula zakudya zotere padziko lonse atapeza Cronobacter m'zina mwa izo, FAO ndi WHO adaitana akatswiri. Iwo adagamula kuti kwa ana opitirira miyezi 6 chiopsezo chachikulu ndi Salmonella, ndipo njira zoyezera zidakhwimitsidwa.

Izi zidatheka chifukwa wogula ndi wamkulu. UNICEF ikamagula chiponde imayendera fakitale, imafuna zotsatira za labotale ndipo ikhoza kukana katundu. Mayi wogula chitini chimodzi pagolosale alibe mphamvu zimenezo. Boma ndilo liyenera kumuimirira.

Tisaiwalenso kuti mwana akakwanitsa miyezi 6 amayamba phala, ndipo ku Kasungu, komwe mtedza umalimidwa kwambiri, phala labwino ndi lothira nsinjiro. Akatswiri a ku Chitedze ndi ku Luanar akhala akupeza poizoni wa chuku, wotchedwa aflatoxin, mu mtedza, chimanga ndi ufa wina wa phala la ana wogulitsidwa m'misika. Poizoniyu amaononga chiwindi ndipo saphedwa ndi kuphika. Kawirikawiri mtedza wabwino umapita kumsika, wofufuta ndi wachuku n'kutsala wa pakhomo. M'dziko lomwe ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu adapezeka opinimbira mu 2015 ndi 2016, nkhani ya chitetezo cha chakudya cha ana iyenera kufikanso pamtondo ndi m'nkhokwe.

Zomwe kholo lingachite lero

Chitetezo choyamba ndi bere. Mkaka wa m'mawere sufuna nkhuni, sufuna ndalama zakunja, ndipo uli ndi zoteteza mwana ku matenda zomwe fakitale singapange. Mayi yemwe akuona ngati mkaka ukuchepa afunse anamwino kapena alangizi a zaumoyo kusikelo asanathamangire kugolosale. Mayi wapantchito akhoza kufinya mkaka wake m'kapu yoyera yovindikira kuti wolera amwetse mwana.

Kwa khanda lomwe likudalira chitini, malangizo omwe WHO ndi FAO adatulutsa mu 2007 ndi omveka. Sambani m'manja ndi sopo. Tsukani ndi kuwiritsa ziwiya zomwetsera, ndipo kapu ndi yabwino kuposa botolo chifukwa imatsukika mosavuta. Wiritsani madzi mpaka abwadamuke, ndipo musawasiye kupitirira mphindi 30, kuti ufa ukumane ndi madzi otentha osachepera madigiri 70. Kutentha kumeneku ndi komwe kumapha Cronobacter ndi Salmonella. Thirani madzi poyamba, kenako ufa pa muyezo womwe walembedwa, osachepetsa, osawonjezera. Ziziritsani mwachangu poimika chiwiyacho m'madzi ozizira, ndipo dontheza pang'ono padzanja musanamwetse mwana. Mkaka womwe watsala ukatha maola awiri, tayani, ngakhale mtima ukuwawa ndi mtengo wake. Usiku, fulasiki yoyera isunge madzi otentha okha, mkaka uzisungunulidwa pa nthawi yomwetsa. Sipuni ikhale youma, chitini chikhale chotseka.

Khanda likatentha thupi, likakana kudya, likafooka, likamalira mosatonthozeka kapena likakomoka, pitani nalo kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo tengani chitinicho.

Koma tinene chilungamo: madzi otentha sathetsa zonse. Poizoni wa cereulide, yemwe adachititsa kuti Nestlé iitanitse mkaka wake, saonongeka ngakhale madzi atabwadamuka. Pamenepo mayi wosamala chotani alibe chochita. Chomwe chingapulumutse mwana wake ndi uthenga womufikira msanga woti chitini chakutichakuti asachigwiritse ntchito.

Zomwe boma liyenera kuchita

Choyamba, aliyense woitanitsa mkaka wa makanda azisunga kaundula wa manambala a zitini ndi komwe wazigulitsa, kuti zikafunika kuchotsedwa zilondoleke mpaka ku golosale ya pa Mtunthama. Chachiwiri, chidziwitso chochotsa chakudya cha ana pamsika chiziulutsidwa m'Chichewa ndi m'Chitumbuka pa wailesi, kuphatikizapo za m'madera, chizitumizidwa pa mafoni, ndipo chizifika kwa alangizi a zaumoyo, omwe amadziwa khomo lililonse lomwe lili ndi khanda lamasiye. Chachitatu, chitini chilichonse chogulitsidwa m'dziko muno chizikhala ndi malangizo m'chilankhulo chomwe wogula amamva, otchula madzi otentha ndi maola awiri aja. Chachinayi, kupima ndi kugulitsa mkaka wa makanda m'timapepala kuletsedwe, ndipo oyendera a khonsolo aziona zimenezi m'misika.

Chachisanu, chomwe n'chodula koma chofunika koposa, zipatala za m'maboma zipatsidwe zipangizo ndi antchito oyeza magazi a makanda odwala kwambiri, kapena njira yodalirika yotumizira magaziwo ku Kamuzu Central ndi ku Mzuzu. Funso lakuti mwanayu amadya chiyani, ndipo ngati ndi mkaka wogula ndi wa mtundu wanji, lizilembedwa m'buku. Pomaliza, aphungu aunikenso masabata 8 a tchuthi cha uchembere, ndipo eni maesiteti ndi makampani ogula fodya, omwe amalankhula kwambiri za kuthetsa ntchito za ana, aonenso ngati mayi woyamwitsa ali ndi mpata woyamwitsira.

Makolo athu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chitini chonyezimira chikhoza kukhala chabwino, ndipo zambiri n'zabwinodi. Koma fakitale ya ku Craon idasunga kachilombo zaka 12 m'dziko lomwe lili ndi zonse zoyezera. Msika wa fodya ukatsegulidwa pa Chinkhoma, bambo wina adzagula chitini cha mkaka monyadira kuti akathandize mkazi wake ndi khanda lawo. Iye wachita mbali yake. Zatsala kwa unduna wa zaumoyo, a Bureau of Standards, makhonsolo ndi aphungu kuti chitinicho chikapezeka ndi vuto, uthenga umupeze mwana asanamwe.